Abiti Uladi ndi Dooko la Migwalangwa Itatu

Dzina lake lobadwa nalo linali Asiatu, koma kuyambira ku Nkopola mpaka ku boma la Mangochi anthu ankamudziwa kuti Abiti Uladi, mwana wamkazi wa Che Uladi osema mabwato. Anali mkazi wamfupi, wowonda, wa mpata pa mano, munthu woti mukanamudutsa pamsika osacheuka n'komwe. Koma akatsegula pakamwa kuti aimbe, anthu ankasuzumira kumbuyo kwake kufuna kuona mwini mawuwo, poti sankakhulupirira kuti m'kachifuwa kameneko mungatuluke mawu otere.

Ntchito yake inali yoyanika usipa pa thandala ndi kuwamba chambo, monga amayi ena onse a m'mudzimo. Nyimbo sizinkamudyetsa, koma ndizo zinkachititsa kuti anthu amuope. Mwamuna akamenya mkazi wake Lolemba, pofika Lachinayi anali atalowa kale m'nyimbo, ana akumuimba ali pambuyo pake. Wina amene anaba matemba pa thandala la mkazi wamasiye anasamukira ku Makanjira chifukwa cha nyimbo ya mizere iwiri yokha. Asiatu sanali woyera mtima ngati mngelo, ayi. Ankakonda kutamidwa, ndipo nthawi zina ankaimba munthu wosalakwa chifukwa chongoti dzina lake likukoma m'nyimbo.

Luso limeneli anaphunzira kwa azakhali ake, amene ankayambitsa nyimbo za gule wa likwata ndi za ku litiwo, chinamwali cha mayi wa mimba yoyamba. Iwo ndiwo anamuuza lamulo limene analisunga moyo wake wonse. "Nyimbo ndi ya anthu awiri, woponya ndi wowakha," ankatero. "Iwe ukaponya mzere, anzako awakhe ndi kuyankha. Akayankha, nyimbo ndi ya mudzi wonse, palibe angakuloze chala. Koma ukaponya popanda wowakha, ndiwe wamisala wongokuwa pabwalo."

Asiatu anakwatiwa ndi Che Atumani, munthu wosoka makoka, amene ankatha tsiku lathunthu atayankhula mawu osapitirira khumi. Anthu ankaseka kuti Mulungu anapereka pakamwa pamodzi pa banja lonselo ndipo Asiatu ndiye anafulumira kutenga. Nyumba yawo inali kuseri kwa dooko la mudziwo, limene ankalitchula kuti la Migwalangwa Itatu chifukwa cha mitengo imene inaima pamenepo. Padookopo ndi pamene amayi ankatunga madzi, kuchapa, kusambitsa ana, kugula nsomba ndi kudya miseche. Mchenga wake unali woyera, madzi osaya mpaka patali, opanda bango loti ng'ona n'kubisalamo. Asiatu anaphunzirira kuyenda pamchenga umenewo, ndipo ana ake atatu anawasambitsa pomwepo.

Chipani chitayamba kusonkhanitsa amayi kuti azivina pamisonkhano, sipanakhale kufunsana kuti woyambitsa nyimbo akhala ndani. Asiatu sanakane, ndipo ine sindinama kuti anachita kukokedwa. Nsalu ya chipani ankaikonda, kukwera lole ankakukonda, ndipo kuima kutsogolo kwa amayi makumi awiri ndi atatu mawu ake akumveka pa chimkuzamawu ankakukonda kuposa zonse. Anapeka nyimbo zotamanda misewu imene sanayendepo ndi zipatala zimene sanagonemo. Masiku amenewo pakamwa pa munthu wamba pankaloledwa kutseguka pa zinthu ziwiri zokha, kudya ndi kuimba.

Chaka cha 1976, mvula itangosiya, kunabwera anthu ndi zingwe zoyezera malo. Mfumu inangouzidwa kuti bwana wina wa ku Blantyre akumanga nyumba yopumulirako m'mbali mwa nyanja, ndipo mapepala anasainidwa kale kumtunda. Dzina la bwanayo silinkatchulidwa. Chimene anthu ankadziwa chinali galimoto yake yobiriwira, ya mlongoti wautali wa wailesi, imene inkabwera Loweruka lina ndi lina magalasi atatseka. Miyezi itatu isanathe, mpanda wa waya waminga unali utachoka kumsewu, kudutsa kuseri kwa nyumba ya Asiatu, mpaka kukalowa m'madzi. Migwalangwa itatu ija inatsala m'kati, ndipo pageti anaikapo mlonda, Simioni, nkhalamba imene inali msilikali kale.

Amuna anasamutsira mabwato kumudzi woyandikana nawo. Koma mtsuko suyenda ulendo wotere kanayi pa tsiku, choncho amayi anayamba kukatunga kubango, pamene kamtsinje kamathira m'nyanja. Aliyense ankadziwa chimene chimakhala kubangoko. Amuna anapempha a Willard, mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, kuti awalembere kalata yaulemu yopita ku boma yopempha kanjira chabe, kokwana munthu mmodzi wosenza ndowa. Kalatayo inapita. Yankho lake linali tcheyamani wa chipani kubwera kudzafunsa kuti ndani anayambitsa maganizo olemba makalata, ndipo kuyambira tsiku limenelo amuna onse anaiwala kuti kunali kalata.

Mwezi wa Novembala, m'mawa dzuwa litangokwera, ng'ona inagwira Mwanabibi, mwana wa Ajira. Ajira anali mnzake wa Asiatu wa pachinamwali, ndipo Mwanabibi anali atangolowa m'banja chaka chomwecho. Anawerama kuti atunge, madzi anagavika, ndowa n'kutsala ikuyandama. Asiatu anali pomwepo, mtsuko uli pamutu. Patatha masiku awiri amuna anapeza zochepa zoti aike m'manda, ndipo nsanda imene anagula inatsalako yambiri.

Asiatu sanalire mokweza pamaliropo, zimene zinadabwitsa anthu. Anakhala sabata yathunthu akuwamba nsomba osayankhula, mpaka Che Atumani, munthu wosafunsa uja, anafunsa.

"Amayi, kodi mukudwala?"

"Ndikupeka nyimbo," anayankha Asiatu.

Che Atumani anaika pansi singano yosokera khoka. "Ya ndani?"

"Ya waya."

"Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, Abiti Uladi."

"Ikapanda kulira ndiye aisungira chiyani? Akhalepo ngati mpando?"

Kunamveka kuti mwezi wa Epulo kubwera mlendo wamkulu wa chipani kudzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu, ndipo amayi akonzeke. Maganizo a Asiatu anali osavuta. Kalata amaibisa m'kabati, koma nyimbo yoimbidwa pamaso pa anthu chikwi ilibe kabati yoibisamo. Mlendoyo akamva, akauza anzake kumtunda, ndipo bwana wa galimoto yobiriwira achita manyazi n'kutsegula kanjira. Anaipeka m'Chichewa, osati m'Chiyao monga ankachitira ndi nyimbo za kumudzi, kuti mlendo asadzanene kuti sanamve.

Anaphunzitsa amayiwo panjira ya kubango, mitsuko ili pamutu, poti kumeneko makutu a chipani sankafikako, nawo ankaopa ng'ona. Iye ankaponya kuti, "Waya wamera pamchenga wa amayi anga," iwo n'kuyankha kuti, "Titsegulireni njira, tikatunge." Ankaponyanso kuti, "Mwana wa Ajira wapita ndi ng'ona," iwo n'kuyankha chimodzimodzi. Inali nyimbo yokoma, yosatukwana munthu. Tsiku loyamba kuiimba yonse, Ajira anatula mtsuko pansi n'kulira mpaka anzake anachita kumudzutsa.

"Mundimvetse," Asiatu anawauza. "Tikaimba tonse, sangamange mudzi wonse. Lole yawo ndi imodzi. Koma mukandisiya ndekha, mwandipereka ndi manja anu."

Anawafunsa mmodzimmodzi, ndipo aliyense anati ayankha. Ajira anachita kulumbira pa manda a mwana wake. Womaliza anali Esitere, mkazi wa a Willard aphunzitsi aja, Mkhristu wa ku Ntcheu amene ankavina nawo chifukwa akazi a aphunzitsi sankaloledwa kukana. Mavinidwe ake anali omvetsa chisoni ndipo mawu ake anali ngati a mbuzi yomangidwa. Asiatu anamuyang'ana n'kuseka.

"Inu mayi aphunzitsi, mungoyendetsa milomo chabe. Mungatiwonongere nyimbo."

"Madzi ndimatunga komwe mumatunga inu, mayi," anatero Esitere. "Ng'ona siifunsa kuti kwanu n'kuti."

Tsiku la msonkhano dzuwa linaswa mtengo. Anthu anadzaza bwalo kuyambira m'mawa, anyamata a yufi akuyendayenda ndi ndodo kufunsa makadi. Amayi anaima pamzere atavala nsalu zofanana. Cha m'ma leveni fumbi linaoneka kumsewu, galimoto zitatu n'kulowa pabwalo. Yapakati inali yobiriwira, ya mlongoti wautali wa wailesi.

Amayi onse anaiona. Munthu amene anatsikamo, akukupiza litchowa ndi kumwetulira, ndiye anali mlendo wamkulu amene ankafuna kumudandaulira, ndiyenso mwini waya. Asiatu anamva mzere wonse kumbuyo kwake ukuuma. Wina anamukoka nsalu n'kunong'ona kuti, "Abiti Uladi, isiyeni." Musaganize kuti iye sanaione galimotoyo, kapena kuti sanachite mantha. Koma anaganiza za ndowa ija ikuyandama, n'kudziuza kuti ngati mwini waya wabwera yekha, ndiye bwino, uthenga susowanso wokapereka.

Anaimba nyimbo ziwiri zotamanda, amayi akuyankha bwino lomwe, mlendo akugwedeza mutu. Kenako anakweza dzanja kwa woimba ng'oma, napuma mpweya, n'kuponya.

"Waya wamera pamchenga wa amayi anga!"

Zii. Ng'oma inalira kawiri n'kusiya. Asiatu anadikira malo onse a yankho, monga woyambitsa amachitira, ndipo m'malo amenewo munangomveka mphepo pa chimkuzamawu. Anaganiza kuti mwina sanamve bwino. Anaponyanso mzere wachiwiri, mokweza kuposa poyamba, akuyang'ana Ajira m'maso.

"Mwana wa Ajira wapita ndi ng'ona!"

Ajira anali atazolika, akuyang'ana zala za kumapazi kwake. Ndiye kumapeto kwa mzere kunamveka mawu amodzi, osasa, ophonya ndi kayimbidwe komwe: "Titsegulireni njira, tikatunge." Anali Esitere, maso atatsinzina, thukuta lili kamukamu. Anthu awiri aja anaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto, wina kuponya wina kuwakha, pamaso pa anthu chikwi amene ankayang'ana pansi ngati ataya singano.

Mlendo sanakwiye poyera. Anaomba m'manja pang'onopang'ono, nati amayi a ku Mangochi ali ndi mawu okoma. Mawa lake m'mawa, Asiatu akuyala usipa pa thandala, kunabwera Landirova ya apolisi. Sanamulole ngakhale kusamba m'manja. Sabata yomweyo a Willard anawasamutsira kusukulu ina kumpoto kwenikweni, katundu wawo ndi Esitere zili pa lole, ndipo m'mudzimo simunamvekenso za iwo.

Asiatu anakhala m'ndende ina kutali ndi nyanja zaka zitatu ndi miyezi iwiri, popanda kuonekera kukhoti. Za kumeneko sankakamba. Chokha chimene anauza mwamuna wake n'chakuti ankamufunsa funso limodzi lomwelo, kuti anamutuma ndani ndipo anapangana ndi ndani. Mayina makumi awiri ndi atatu anali pa lilime pake, ndipo mtima wake unali ndi chifukwa chokwanira chowatchulira. Sanatchule ndi limodzi lomwe. Ankangoti, "Simunaone nokha kuti ndinali ndekha?"

Anabwerera mu 1980, mano akutsogolo atachoka, mwendo wakumanzere ukukoka. Anapeza Che Atumani atakalamba ngati papita zaka makumi awiri, chifukwa eni makoka anasiya kuwapatsa ntchito poopa kuoneka pakhomo pa chigawenga. Waya unali pomwe unali. Palibe anabwera kudzamulonjera masana. Koma m'mawa mwake atatsegula chitseko anapeza mtsuko wodzaza madzi pakhonde, wovundikira bwino ndi mbale. Tsiku lotsatira anapeza wina, wa mwini wina. Mitsuko ya m'mudzi ankaidziwa yonse ngati nkhope za eni ake, ndipo anaona kuti amayi aja agawana masiku.

Zimenezi zinachitika zaka zisanu ndi zinayi, osaphonya tsiku. Asiatu sanapitenso kubango. Madziwo ankamwa, poti ludzu silidziwa mkwiyo, koma sanathokoze munthu. Sanaimbenso, kaya ku litiwo kaya ku ukwati. Amayi ankati akamuona akubwera ankapatuka, iye n'kumadutsa ngati sakuwaona. Ine sindiwaweruza amayiwo, anali ndi ana oyamwa ndi amuna oti akanatengedwa. Koma sindimuweruzanso iye.

Kamodzi kokha anapezerera Ajira akutula mtsuko pakhondepo.

"Ndinali ndi ana ena anayi, Abiti Uladi," anatero Ajira. "Ndinaona galimoto ija, ndinaona ana anga."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mundikhululukire."

"Ajira, ine ndinakupemphani mawu atatu. Simunandipatse. Mwandipatsa madzi okwana kumiza bwato, koma amene ndinapempha ndi mawu." Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo kuseri kwa chitsekocho analira kulira kumene sanalire pamaliro a Mwanabibi.

Bwana wa galimoto yobiriwira naye anadzagwa, monga ankagwera onse masiku amenewo, ndipo dzina lake linasiya kutchulidwa pa wailesi. Nyumba ija inagulidwa ndi kampani ina. Waya sunagwe naye, anangoupaka utoto. Che Atumani anamwalira mu 1986, ali chete monga anakhalira.

Chilimwe cha 1989 Asiatu anagona pamphasa osadzukanso. Chifuwa chinali chitamudya. Mwana wake wamkazi anabwera kuchokera ku Katuli kudzamudwazika, ndipo amayi a m'mudzi anayamba kulowa m'nyumbamo mmodzimmodzi, poti tsopano analibe mphamvu zowatsekera chitseko. Lachisanu lina m'mawa, amuna akukonzekera za kumzikiti, mwana wake anamupatsa madzi m'chikho. Asiatu analawa n'kutembenuza mutu.

"Akununkha matope a kubango," ananong'ona. "Ndatopa nawo. Ndikanamwako a pa Migwalangwa Itatu, kamodzi kokha."

Sankauza munthu. Ankangodandaula monga amachitira odwala. Koma Ajira anali atakhala pakhomo, ndipo Asiatu anamuona akudzuka, tsitsi lonse la imvi, akumanga nsalu m'chiuno. Anamva mapazi ake akutuluka, kenako mawu ake akuitana mayina pabwalo. Anamva ndowa zikugundana, nyumba iyi ndi iyo. Kenako kunakhala bata, ndipo anaganiza kuti apita kubango monga mwa masiku onse.

Nyumba yake inali pafupi ndi geti, ndiye anamva bwino lomwe mawu a Simioni mlonda uja. "Amayi, amayi, mundichotsetsa ntchito! Bwererani, chonde!" Kunamveka kulira kwa chitsulo, kaya anatsegula yekha kaya anamukankha, mpaka lero anthu amakamba mosiyana.

Ndipo nyimbo inayamba. Inali yachilendo, yoti munthu wodutsa sakanaimvetsa. Amayi aja ankakhala chete kwa kanthawi, akuyenda, mapazi okha akumveka pamchenga, kenako onse pamodzi: "Titsegulireni njira, tikatunge." Chete kachiwiri, kutalika kwake kofanana ndendende ndi mzere wa woyambitsa. Kenako yankho. Palibe analimba mtima kuimba mzere wa Abiti Uladi. Anasiya malo ake opanda kanthu, akuwerenga mumtima, n'kumayankha mawu amene anaponyedwa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo.

Asiatu anatsegula maso. Mkwiyo umene anausunga nthawi yonseyi anaufunafuna m'chifuwa ndipo sanaupeze, munangotsala chisoni. Anamvetsera kawiri, katatu, monga mphunzitsi amvera ana ake. Amayiwo anali kuithamangitsa nyimboyo pang'ono, Ajira ankaithamangitsa chikhalire. Malo a chete atafikanso, mwana wake anaona milomo ya mayi ake ikuyenda. Mawu sankatuluka, koma mizere inali yomweyo, ya waya ndi ya mwana wa Ajira, iliyonse ikulowa pamalo pake, ndipo kunja amayi ankawakha.

Anabwerako ali pamzere, amayi khumi ndi asanu ndi awiri amene anali adakali moyo, ndowa zili pamutu, nsalu zitanyowa mpaka m'mawondo. Ajira anali patsogolo. Anatunga m'chikho, nalowa m'nyumba akuyenda mosamala kuti asataye ndi dontho lomwe. Anapeza mwana wa Asiatu atagwada, akutseka maso a mayi ake.

Madziwo sanatayidwe. Ndi amene amayi anasambitsira thupi lake, ndipo anakwana bwino, ena n'kutsalako. Amuna atachoka ku swala ya Ijumaa, pemphero la Lachisanu, anamunyamula pa jeneza n'kukamuika tsiku lomwelo, monga mwa mwambo. Pofika Lolemba pageti panali loko watsopano ndi mlonda watsopano, ndipo amayi anabwerera kubango.

Loweruka, tsiku lotsatira maliro, linali tsiku la Ajira pa kagawidwe kawo kaja. Anadzuka m'mamawa, anatunga, nasenza mtsuko mpaka pakhonde la Abiti Uladi, miyendo ikungomutsogolera monga inazolowera. Atafika ndi pamene anakumbukira kuti m'nyumbamo mulibenso womwa. Anaima pamenepo nthawi yaitali mtsuko uli pamutu, osadziwa poutula.